Kugawana mphoto pa mpikisano wa poker

Kugawana mphoto ndi pangano limene osewera otsala kumapeto kwa mpikisano wa poker amachita kuti agawane ndalama za mphoto masewera asanathe. Pachingerezi panganoli limatchedwa deal kapena chop. Limatheka pokhapokha osewera onse otsala atavomera. Mmodzi akakana, masewera amapitirira.

Chifukwa chake

Pa mpikisano wa poker wosewera aliyense amalipira ndalama yolowera n'kupatsidwa machipi, timabatani tozungulira tobetchera. Amene machipi amuthera amatuluka, ndipo wotsala yekha ndiye wopambana. Mphoto yoyamba imaposa kwambiri yachiwiri ndi yachitatu, pomwe kumapeto kwa mpikisano khadi limodzi likhoza kusintha zonse. Osewera ambiri amaona kuti kuli bwino kutenga ndalama yotsimikizika kusiyana ndi kudalira mwayi. Chovuta n'chakuti machipi a mumpikisano si ndalama, choncho pamafunika njira yodziwira mtengo wa mulu wa munthu aliyense.

Njira zogawira

Njira zodziwika zilipo zitatu. Yoyamba ndi kugawana mofanana, ndipo imakhala yachilungamo ngati milu ya machipi ili pafupifupi yofanana.

Yachiwiri imatchedwa chip chop. Aliyense amayamba walandira mphoto yotsikitsitsa mwa zotsalazo, kenako ndalama zotsala zimagawidwa molingana ndi machipi amene munthu ali nawo.

Yachitatu ndi Independent Chip Model, mwachidule ICM. Masamu ake anachokera kwa David Harville, yemwe mu 1973 analemba za kawerengedwe ka mwayi pa mipikisano ya mahatchi. Mason Malmuth anagwiritsa ntchito njira yomweyi pa poker mu 1987. ICM imati mwayi woti munthu akhale woyamba ndi wofanana ndi gawo la machipi onse limene ali nalo. Pofuna mwayi wa malo achiwiri, amachotsa machipi a wopambanayo n'kuwerengeranso pa otsalawo, ndipo amatero mpaka malo omaliza. Mwayi wa malo aliwonse amauchulukitsa ndi mphoto ya malowo, n'kuphatikiza zonse.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti kwatsala osewera atatu ndipo mphoto zake ndi $5,000, $3,000 ndi $2,000. Wosewera A ali ndi machipi 60 pa 100 aliwonse, B ali ndi 30, C ali ndi 10.

Akagawana mofanana, aliyense apeza pafupifupi $3,333.

Pa chip chop, aliyense atenga $2,000, ndipo $4,000 yotsala igawidwa motsata machipi: A apeza $4,400, B $3,200, C $2,400.

Pa ICM, mwayi wa A wokhala woyamba ndi 60 pa 100, wachiwiri pafupifupi 32, wachitatu pafupifupi 8. Zimenezi zimamupatsa $4,124. B apeza $3,383 ndipo C apeza $2,493.

Apa zikuonekeratu kuti kugawana mofanana kumapondereza wa mulu waukulu, pomwe chip chop imamukondera. A akanakhala ndi machipi 80 pa 100, chip chop ikanamupatsa $5,200, ndalama yoposa mphoto yoyamba imene akanalandira atapambana. ICM singapatse munthu zoposa mphoto yoyamba, chifukwa imazindikira kuti machipi akamachuluka, mtengo wa chipi chilichonse chowonjezera umatsika. Osewera akatsala awiri okha, chip chop ndi ICM zimapereka yankho lofanana.

Zofooka za ICM

ICM imatenga osewera onse ngati a luso lofanana, zomwe sizichitika kawirikawiri. Siwerengeranso malo amene munthu wakhala patebulo, kapena kuti ndani watsala pang'ono kulipira blinds, machipi amene amaikidwa mokakamiza makadi asanagawidwe. N'chifukwa chake katswiri nthawi zina amapempha ndalama yoposa ya ICM, ndipo wosewera amene akufunitsitsa ndalama yotsimikizika amatha kuvomera yocheperako. Osewera ambiri amatenga chiwerengero cha ICM ngati poyambira zokambirana. Pangano limayesedwa lachilungamo ngati aliyense akudziwa chiwerengero chake cha ICM, akumvetsa chifukwa chimene akulandirira zambiri kapena zochepa, ndipo wavomera popanda kuumirizidwa.

Mapangano odziwika

Pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker wa 2003 ku Las Vegas, Chris Moneymaker anapempha Sam Farha kuti agawane mphoto atatsala awiri, koma sanagwirizane. Moneymaker anapambana n'kulandira $2.5 miliyoni, Farha analandira $1.3 miliyoni.

Mu 2019, pa mpikisano wa Triton Million ku London, umene ndalama yolowera inali £1,050,000, Bryn Kenney ndi Aaron Zang anapangana atatsala awiri, Kenney ali ndi machipi ambiri. Zang ndiye anapambana mpikisanowo, koma analandira £13,779,491, pomwe Kenney, amene anathera pachiwiri, analandira £16,890,509. Nkhaniyi ikusonyeza kuti pangano limayezedwa ndi mmene machipi analili nthawi yopangana, osati ndi zotsatira za masewera.

Malamulo

Malamulo amasiyana malinga ndi okonza mpikisano. World Series of Poker siyendetsa mapangano otere ndipo imalipira mphoto monga zinalengezedwera, choncho ogawana mwamseri amangodalira kukhulupirika kwa mnzawo. Okonza ena amalola mapangano, amathandiza kuwerengera ndipo amalipira aliyense gawo lake mwachindunji. Kawirikawiri amafuna kuti ndalama zina zisiyidwe pambali ndi chikho, kuti osewera apitirize kupikisana mpaka wopambana atapezeka.