Dzina la Msilikari ndi Cikalata Cace

Tsiku lina madzulo m'nyengo ya cisanu, ana atabalalika kale, anadza kunyumba kwanga amai okalamba a m'mudzi wa pafupi ndi sukulu yathu, kuno ku dziko la Ansenga, atatsagana ndi mdzukulu wao amene ali m'kalasi langa. Titalonjerana monga mwa mwambo, anamasula kansalu, natulutsamo cikalata cofiirira ndi ukalamba, copindidwa kanai, pamodzi ndi nyenyezi ya mkuwa ya nsonga zisanu ndi imodzi. Ndipo anati, "Aphunzitsi, inu mudziwa Cizungu. Tatiwerengerani ici, mutiuze ngati munthu wolembedwa umu ndiye atate anga, kapena ndi wina."

Mlandu wace unali wotere. Atate ao anamwalira kalekale, ndipo adzukulu okhala ku Lusaka anasonkha ndalama zakuti aike mwala pa manda, nafuna kuti palembedwe kuti gogo wao anamenya nkhondo ku Burma. Koma dzina la m'cikalata silinali dzina limene ana ace anamdziwa nalo, ndipo mudzi wolembedwamo sunali mudzi umene iwo anabadwiramo. Tsono a mbumba ya mkulu wace wa malemuyo anayamba kunena kuti cikalata ndi nyenyezi nza kholo lao, ndi kuti mng'onoyo anangozisunga. Anthu amene anadyera m'mbale imodzi analeka kupatsana moni pa citsime. Ndalemba nkhani iyi m'nyuzi yathu popeza ndidziwa kuti aphunzitsi anzanga a ku Nyimba, ku Minga, ku Hofmeyr ndi ku Nyanje adzalandira alendo otere, pakuti kufikira lero mphunzitsi ndiye mlembi wa mudzi.

Pamwamba pa cikalataco panalembedwa dzina la gulu la nkhondo, Northern Rhodesia Regiment. Gulu limeneli linapatulidwa kwa apolisi m'caka ca 1933, pakuti kale asilikari ndi apolisi a dziko lino anali thupi limodzi. Nkhondo yaciwiri itabuka m'caka ca 1939, Boma linatuma mau kwa mafumu kuti anyamata alembedwe, ndipo ambiri a kuno kum'mawa anapita. M'mwezi wa August 1940 gulu lao loyamba linaima pa zitunda za Tug Argan, m'dziko la Somaliland, kutsekereza Ataliana amene anaculuka koposa. Nkhondoyo inalimba kuyambira pa 11 kufikira pa 15, ndipo Angerezi ataona kuti sangathe, anabwerera ku Berbera naoloka m'zombo kunka ku Aden. Pambuyo pace kunali nkhondo ya ku Abyssinia, imene inathera pa Gondar mu November 1941. Ena anatumidwa ku cisumbu ca Madagascar, ena ku Ceylon kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. M'caka ca 1944, mvula ya kumeneko ili pakati, asilikari a ku East Africa pamodzi ndi athu anatsika cigwa ca Kabaw ku Burma, cigwa ca matope ndi malungo, kupitikitsa Ajapani, ndipo kuciyambi kwa December analowa m'Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin. Maina amenewa timawamva masiku onse osawaganizira, pakuti ndiwo maina a misasa ya asilikari athu: Tug Argan ndi Kalewa ku Ndola, Chindwin ku Kabwe, Arakan ku Lusaka, ndi Gondar kwathu konkuno ku Chipata. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, gululo linasandulika Zambia Regiment.

Nyenyezi ija inali Burma Star ndithu, mau ace anali kuwerengeka bwino. Koma sinathe kutiuza mwini wace. Pa mamendulo a nkhondo yoyamba Angerezi anadinda dzina ndi nambala ya munthu, koma nyenyezi za nkhondo yaciwiri anazipereka zopanda dzina. Cotero umboni wonse unatsalira m'cikalata, ndipo tiyenera kufunsa kuti maina analowa bwanji m'zikalata zotere.

Taganizani mnyamata wa ku Petauke m'caka ca 1941, ataima pamzere pamaso pa mlembi amene kapena sanali Mnsenga, ndi Mzungu amene anamva cinenero cathu mwa theka. Amfunsa dzina. Nanga achule liti? Ali nalo dzina la ubwana limene anampatsa ambuya ace. Ali nalo dzina limene anadzipatsa yekha popita ku nchito ku minda ya fodya ya ku Fort Jameson kapena ku Southern Rhodesia, dzina la Cizungu losabvuta pakamwa pa kapitao. Alinso ndi ciwongo cimene akulu amuitana naco. Nthawi zambiri mnyamata anachula dzina la pa citupa cace, cifukwa ndilo limene Boma linamdziwa nalo pa msonkho. Mlembi analemba monga makutu ace anamva. Pofunsidwa dzina la atate, wina anachula amalume ace, pakuti mwa mwambo wathu wa cikamwini malume ndiye mwini mbumba, ndipo ndiye akalandira uthenga mwana akafa. Za caka ca kubadwa palibe anacidziwa. Anamyang'ana m'maso ndi m'cifuwa, nayerekeza. Ndipo panalinso ena amene anapita ndi citupa ca mbale wao, mwina pothawa ngongole ya msonkho, mwina polowa m'malo mwa mkulu wao wa ana ambiri. Cifukwa cace mau a mbumba ya mkulu uja sanali opusa ai, ndipo sindinawapeputse.

Za mudzi zili ndi mbiri yaceyace. Midzi yathu siikhala pamodzi nthawi zonse, ndipo dzina la mudzi ndi dzina la mwini mudzi. Akafa, kapena mudzi ukagawanika, dzina limasinthika. Koma koposa izi, kumbukirani kuti dziko lalikulu la kuno linali m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo anthu anakankhidwira m'malo opatulidwa amene anacepa, nthaka niguga. M'caka ca 1941 Boma linagula dziko lambiri kwa kampaniyo, ndipo m'zaka zotsatira midzi yambiri inasamutsidwira ku malo atsopano. Alipo asilikari amene anacoka m'mudzi wina, nabwerako m'caka ca 1946 kudzapeza matongwe, abale ao atamanga kwina pansi pa nyakwawa wina. Ana obadwa pambuyo pace sanaudziwe konse mudzi wolembedwa m'cikalata ca atate ao.

Munthu asaganize kuti zolembedwazi zinali zacabe pa nthawiyo. Mphotho ya msilikari pomasulidwa inawerengedwa monga mwa miyezi yolembedwa m'buku lace, ndipo inawerengedwanso monga mwa khungu lace. M'caka ca 2019 anthu ofufuza anaulula cikalata ca Boma la Britain ca m'caka ca 1945, cosonyeza kuti msilikari wamba wa Cizungu analandira masiling'i 10 pa mwezi uliwonse wa nchito yace, pamene wakuda wa udindo womwewo analandira masiling'i 3 ndi theka. Anagona m'matope amodzi a Kabaw, koma cipolopolo cokha ndico sicinasankhe.

Komabe ambuya aja ali ndi mwai, pakuti atate ao ali ndi cikalata. Pamene tinali kuceza anandiuza kuti amalume a atate aowo anatengedwa pa nkhondo yoyamba kukasenza akatundu, ndipo sanabwerenso. Amenewo ndiwo amtengatenga. Nkhondo ya 1914 inafika pa malire a kumpoto kwa dziko lino, kumene kunalibe njanji, ndipo ng'ombe ndi aburu zinafa ndi kashembe. Tsono ufa, nyemba ndi zipolopolo zinayenda pa mitu ya anthu, ndipo maboma onse, ndi lathu lomwe, analamulidwa kupereka amuna. Kamwazi, cibayo, njala ndi cimfine cacikulu ca 1918 zinapha ambiri koposa mfuti. Mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 November 1918, napereka zida zace ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 November. Kumeneko kuli mwala wa cikumbutso wa amtengatenga 1,467 a dziko lino amene anafa. Tipenye bwino: ciwerengero cilipo, koma mai wofuna amalume ace sangapeze munthu m'ciwerengero.

Izi sizinacitike mwangozi. Bungwe losunga manda a nkhondo, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1917 ndipo kuyambira 1960 lichedwa Commonwealth War Graves Commission, linalonjeza kuti akufa onse adzakumbukidwa mofanana, yense ndi dzina lace, wopanda kuyang'ana udindo kapena mtundu. Ku France lonjezo linasungidwa. Kuno ku Africa akulu ena a Boma ananena kuti anthu akuda sakazindikira tanthauzo la mwala wa pamanda, ndipo manda ambiri anasiyidwa kuti amere thengo. Mphunzitsi wa ku London, Michèle Barrett, anafufuza izi zaka zambiri, ndipo m'caka ca 2019 David Lammy anazionetsa kwa anthu onse pa kanema. Mu April 2021 bungwelo linatulutsa lipoti lobvomereza kuti anthu 45,000 kufikira 54,000 anakumbukidwa mosalingana ndi anzao, ndi kuti ena 116,000, kapena kufikira 350,000, sanakumbukidwe ndi maina ao, mwina sanakumbukidwe konse. Nduna ya za nkhondo ya ku Britain, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Kuyambira pamenepo maina ali kufunidwa m'mabuku akale, ndipo mu January 2025 anatsegula cikumbutso ku Cape Town ca anchito akuda oposa 1,700 a nkhondo yoyamba, yense ndi dzina lace.

Nanga cimene banja lingathe kukonza nciani? Apa tisiyanitse mitundu iwiri ya akufa. Munthu amene anafa ali pa nchito ya nkhondo pakati pa 4 August 1914 ndi 31 August 1921, kapena pakati pa 3 September 1939 ndi 31 December 1947, ali m'manja mwa bungwe lija. Dzina lace lingakhale pa manda kapena pa khoma, monga pa Rangoon Memorial ku Taukkyan pamene palembedwa maina pafupifupi 27,000 a akufa a ku Burma opanda manda odziwika, ndipo abale angalembe kalata yopempha kuti colakwa cikonzedwe, akatumiza umboni wolembedwa. Koma munthu amene anabwerako, nalima munda wace, namwalira ndi ukalamba, sali m'mabuku amenewo. Cikalata cace ndico mboni yace, ndipo mboni siikonzedwa pakamwa. Mdzukulu wina anandipempha kuti ndifafanize dzina lakalelo ndi kulembapo lodziwikalo ndi dzanja langa labwino la uphunzitsi. Ndinakana, ndipo inunso mukane, pakuti cikalata cofafanizidwa cataya mphamvu yace yonse. Cofunika ndico kumanga ulalo pakati pa maina awiriwo ndi mapepala ena: nambala ya usilikari, imene siisinthika ngakhale dzina lisinthike, buku la ubatizo la ku mishoni, kalata ya nyakwawa ndi ya mfumu, ndi lumbiro lolembedwa pamaso pa wolumbiritsa wa Boma lakuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Wofuna kudziwa za kusamuka kwa midzi angafunse ku National Archives of Zambia ku Lusaka, kumene asunga mabuku akale a maboma. Ndipo mukakhala ndi okalamba okumbukira maina a amtengatenga, lembani m'kope dzina, ciwongo, mudzi ndi mfumu, okalambawo akali ndi moyo.

Ife tinayamba ndi buku la ubatizo. Loweruka lina tinapalasa njinga ndi mdzukulu wamkulu kunka ku mishoni, ndipo mbusa anatitulutsira buku lakale la zikuto zodyeka ndi ciswe. M'menemo tinapeza kuti malemuyo anabatizidwa atabwerako ku nkhondo, ndipo pambali pa dzina lace lacikristu, limene ana ace analidziwa, panalembedwa dzina lace lakale, lomwe lija la m'cikalata, kusiyana cilembo cimodzi cokha. Nyakwawa wokalamba anabvomereza kuti mudzi wa m'cikalata ndiwo umene makolo ao anacokerako. Koma cimene cinatseka pakamwa onse ndi mzere umodzi umene ndinaupitirira pakuwerenga koyamba, pamene mlembi analemba zizindikiro za pa thupi: cipsera pa msongolo wa kumanzere. Ndisanawauze mauwo ndinafunsa ambuya ngati atate ao anali ndi bala lakale. Anagwira msongolo wao wa kumanzere nati, "Apa, aphunzitsi, nkhwangwa inawatema akali mnyamata. Tinali kucigwira ife ana tikakhala pa miyendo pao."

Akulu a mbumba ziwirizo anakhala pansi kwa nyakwawa, ndipo a kwa mkulu uja anapereka nkhuku. Pa mwala analemba maina onse awiri, nambala yace, ndi mau akuti Northern Rhodesia Regiment, Burma. Caka ca kubadwa anacisiya, popeza ca m'cikalata cinali congoyerekeza. Ambuya anapempha kuti pansi pace paonjezedwe dzina la amalume a atate ao aja, ndi mau akuti mtengatenga, 1914 kufikira 1918. Wosema miyala anafuna ndalama zina za zilembozo, ndipo adzukulu a ku Lusaka anatumiza.