Gule Wamkulu ndi Kudzudzula Moyo Wamakono ku Dedza

Gule Wamkulu ndi mwambo wa Achewa umene umavinidwa pamaliro, pachinamwali ndi polonga ufumu. Kumapiri a ku Dedza, monganso kwina kwa Achewa, guleyu ali ndi ntchito ina imene alendo ambiri saizindikira: kudzudzula munthu amene watengeka ndi chuma ndi zachilendo mpaka kutaya mwambo.

Zilombo zikatuluka kudambwe zimalandiridwa ngati mizimu ya makolo. Kasiyamaliro amalemekezedwa ngati mayi wa mtundu, koma zilombo zina zambiri zimavina khalidwe loipa poyera, monga dyera, uchidakwa ndi kudzikuza, kuti anthu aseke kenako achite nazo manyazi. Simoni, wa nkhope yofiira, amayerekeza mzungu. Pambuyo pake kunabwera zilombo zonga galimoto, njinga yamoto ya Honda ndi helikopita. Apa mpofunika kumvetsa bwino, chifukwa gule sadana ndi makina. Funso lake nlakuti, iwe wagula galimoto, kodi kumaliro a mnzako udzafikabe? Nanga amalume ako udzawamverabe?

Umboni wa mwambowu uli m'mapanga a ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, ndipo mwa zoyera za Achewa muli zilombo za nyau. Bungwe la UNESCO linaika derali m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, litalemekeza kale guleyu mu 2005. Kumunsi kwa mapiri, pa mishoni ya Mua, Bambo Claude Boucher Chisale a ku Canada anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba ya Chamare imasunga zigoba mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake.

Maganizo ofananirapo anabuka ku America m'gulu la Transcendentalism. Ralph Waldo Emerson anasindikiza buku la Nature mu 1836, ndipo Henry David Thoreau anakakhala m'kanyumba pafupi ndi dziwe la Walden kuyambira 1845 mpaka 1847, akuphunzitsa kuti katundu wochuluka amasandutsa mwini wake kapolo. Kusiyana kwake nkwakukulu. Thoreau anakhulupirira chikumbumtima cha munthu payekha, nadzipatula. Kwa Achewa chidzudzulo chimachokera kwa makolo, ndipo chimamvekera pabwalo, ng'oma zikulira, amayi akuyankha nyimbo, wodzudzulidwayo ali pomwepo pakati pa abale ake.