Mbiri ya Mpikisano wa Liwiro wa ku London

Mpikisano wa liwiro wa mumzinda wa London, ku Mangalande, unayamba pa 29 Malichi 1981. Anauyambitsa ndi Chris Brasher ndi John Disley, ataona wina wonga womwewo ku New York. Mtunda wake ndi makilomita 42.

Tsiku loyambalo anthu 6,255 anafika kumapeto. Amuna awiri amene anali patsogolo, Dick Beardsley wa ku America ndi Inge Simonsen wa ku Norway, sanafune kupambanana; anagwirana manja namaliza pamodzi. Mwa akazi anapambana ndi Mayi Joyce Smith, ntchembere ya ana awiri, ali ndi zaka 43.

Koma chimene chakuza mpikisanowu si liwiro lokha ayi. Othamanga ambiri sayembekeza mphotho. Munthu amasankha bungwe losamala odwala, ana ovutika kapena okalamba, napempha abale ndi anansi kuti asonkhe ndalama pa thukuta lakelo. Pofika mu 2019 ndalama zosonkhedwa motere zinapitirira mapaundi 1 biliyoni.

Amayi anzathu, mbali yaikulu ya chuma chimenechi inachokera m'manja mwa anthu wamba, aliyense kuponyapo kangachepe kake. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.