Mpasa Imabadwira ku Mtsinje



Akuluakulu akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1950 nchila inkadzaza makoka a asodzi pa Nyanja ya Malaŵi, ndipo inkangoposedwa ndi chambo. Pofika m'ma 1970, nsombayi inali itasoŵa. M'zaka zomwezo Bambo Denis Tweddle, katswiri wa nsomba amene ankagwira ntchito ya boma ku Monkey Bay asanapite ku South Africa, anayamba kufufuza nsomba zoswera m'mitsinje, makamaka mpasa.

Mpasa imakulira m'nyanja, koma mvula ikagwa imakwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera. Anthu akadula mitengo ndi kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, dothi limakokoloka, matope nakwirira timiyala tija, mazira nafa. Nawonso maukonde otchinga pamathiriro a mtsinje amagwira nsomba zisanaswe. Mu Bua mpasa inapirira chifukwa mtsinjewo umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota.

Choncho, omvera, wofuna kubweza nsomba ayambire kumtunda. Msodzi wa kumunsi sadziŵana ndi mlimi wa kachewere wa kumapiri, komabe ndiwo zake zili m'khasu la mlimiyo. Tisiye bango ndi mitengo m'mbali mwa mitsinje, ndipo mizere yathu ipingase phiri.