Mbiri ya Cholembera Chopanda Zokongoletsa

Lero m'pologalamu yathu ya mbiri tikambirana za kanthu kakang'ono koyenda m'thumba la malaya. Kanthuka ndi cholembera cha inki chotchedwa Lamy 2000, chimene chinayamba kugulitsidwa m'dziko la Germany m'chaka cha 1966, ndipo chikupangidwabe mpaka lero maonekedwe ake osasintha kwenikweni.

Gwero la nkhaniyi lili m'chaka cha 1919, pamene katswiri wa zomangamanga, Walter Gropius, anatsegula sukulu ya Bauhaus mumzinda wa Weimar. Aphunzitsi a pasukuluyi ankanena kuti mpando, nyale, kapu ngakhalenso nyumba zizioneka molingana ndi ntchito yake, ndipo chilichonse chongomatidwapo pofuna kukopa maso chichotsedwe. Sukuluyi inasamukira ku Dessau mu 1925, kenaka ku Berlin, kumene inatsekedwa mu 1933 chifukwa cha nkhanza za boma la Nazi. Koma maganizo ake sanafere pomwepo. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, anaphukanso pasukulu ya ku Ulm, imene inakhazikitsidwa mu 1953, ndiponso kukampani ya Braun yopanga mawailesi ndi makina ometera ndevu.

Tsono mumzinda wa Heidelberg munali bambo wina dzina lake C. Josef Lamy, amene poyamba ankagulitsa zolembera za kampani ya Parker, koma mu 1930 anayamba kupanga zakezake. Malonda anayenda ndithu, kufikira pamene kunabwera bolopeni. Mu 1950 kampani ya Bic ya ku France inatulutsa bolopeni yotsika mtengo, yosafuna botolo la inki, yongotaya ikatha. Opanga zolembera za inki anaona kuti zinthu zawaipira, pakuti munthu angavutikirenji ndi kudzaza inki pamene kuli cholembera chosavuta chotere? Ena anadalira kuŵala kwa golide ndi zojambula zina kuti ogula asawathaŵe.

Mwana wa mwini kampaniyo, Manfred Lamy, amene anayamba kugwira ntchito ndi bambo ake mu 1962, anasankha njira ina. Iye anaitana Gerd A. Müller, mmisiri amene anagwirapo ntchito ku Braun, kuti akonze cholembera chimene chiŵalo chake chilichonse chikhale ndi chifukwa chokhalirapo.

Tamverani tsopano m'mene chinapangidwira. Thupi lake ndi lakuda, la pulasitiki yolimba yotchedwa Makrolon, imene panthaŵiyo inkapangidwa ndi kampani ya Bayer, yosakanizidwa ndi timaulusi ta galasi. M'malo moipukuta kuti inyezimire, anaikwecha kuti ikhale ndi timizere tosaoneka bwino, kotero kuti sichiterera m'zala ndipo zipsera za ukalamba sizionekera msanga. Inki imakokedwa kuchokera m'botolo popotokola kumbuyo kwa cholemberacho, koma polumikizira pake anapalinganiza mwaluso mwakuti mlendo amavutika kupapeza. Pali kazenera kakang'ono koonetsa inki yotsala. Nsonga yolembera ndi ya golide wa makarati 14, pakuti golide sadyedwa ndi inki, komabe anaikuta ndi platinum nabisa mbali yake yaikulu m'kati mwa chitsulo chogwirira, kuti inki isaume msanga kapena kudetsa zala. Taonani, golide alipo chifukwa cha ntchito yake, koma sadzionetsera. Chokolekera pathumba ndi cha chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo chili ndi sipuling'i m'kati kuti chizitseguka popanda kupindika, kaya nsalu ndi yopyapyala kaya yochindikala.

Dzina lakuti 2000 linkaloza kutsogolo, ku chaka chimene panthaŵiyo chinali kutali zaka 34. Chakacho chinafika n'kudutsa, cholembera chili chomwecho. Mafashoni ambiri a zaka zimenezo anaiŵalika, koma ichi sichinatayike chifukwa panalibe chokongoletsa choti n'kutha nthaŵi. Mu 2024 kampani ya Lamy inagulidwa ndi Mitsubishi Pencil ya ku Japan, ndipo Lamy 2000 idakali pamndandanda wa zimene imagulitsa.

Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mau aŵa akhudza aliyense wogwira ntchito yamanja, kaya ndinu kalipentala, telala, wosula makasu kapena woumba mbiya. Utoto ndi maluŵa zimakopa wogula tsiku loyamba, koma iye amabweranso ngati mpando sunagwedere, msoko sunasomphoke ndipo mpini unakhala bwino m'manja. Phunziro la amisiri a ku Heidelberg ndi lakuti tiziyamba tafunsa ntchito imene chinthu chidzagwire ndiponso munthu amene adzachigwiritse ntchito, kenaka tichotse zonse zosathandiza. Kuteroko si ulesi, pakuti chinthu chopanda zokongoletsa sichibisa cholakwa chilichonse.