Mbiri ya Msilikali Wokwezedwa m'Masewera a Chess

Aphunzitsi amene ayamba kuonetsa ana masewera a chess adziwa kuti mkangano ubuka kawiri-kawiri ca kumapeto. Msilikali wamng'ono uja, woyenda pang'ono-pang'ono wosabwerera m'mbuyo, akafika pa mzere wotsiriza wa mdani amakwezedwa. Pamenepo mwini wake ati, "Ndifuna mfumukazi yaciwiri." Mnzake akana, nanena kuti munthu angotenga cokhaco cimene cinadyedwa kale. Mau a onse awiriwa ali ndi mbiri yake, ndipo mphunzitsi woidziwa adzaweruza mlanduwu bwino.

Masewerawa anayamba ku India m'zaka za pakati pa 500 ndi 600, nafika ku Persia, ndipo Aluya anawatengera ku Spain. M'masiku amenewo munalibe mfumukazi pa thabwa. Pambali pa mfumu panali nduna, yoyenda cipinda cimodzi cokha copingasa. Msilikali akatsiriza ulendo wake ankasanduka nduna basi, ndipo mphotho yotere inali yocepa, pakuti ndunayo inali yofooka ndithu.

Anthu a ku Ulaya anaicha ndunayo mfumukazi. Ca m'ma 1475, ku Spain, anaipatsa mphamvu ya kuyenda mbali zonse, kutali monga ifuna. Kuyambira pamenepo kukwezedwa kwa msilikali kunakhala cinthu cacikulu, cifukwa msilikali mmodzi wopulumuka anatha kugwetsa nkhondo yonse. Komatu ena anakhumudwa. Anati mfumu yokhala ndi akazi awiri yacita mitala, ndiponso sikuyenera kuti msilikali wamba asanduke mkazi wa mfumu. Cotero m'maiko ena anapangana kuti wokwezedwa alowe m'malo mwa cinthu codyedwa cokha. Philidor, katswiri wa ku France amene buku lake linaturuka m'caka ca 1749, anagwira lamulo lomweli. Ku Italy msilikali wofika kumapeto pamene akulu ake onse anali amoyo ankaima ciimire, kudikira kuti mmodzi afe kuti alowe ufumu wake. Mwana wokana mfumukazi yaciwiri atsata lamulo lakale limeneli, ngakhale sadziwa kumene linacokera.

Lamulo lodabwitsa koposa linalembedwa ku England m'caka ca 1862 ndi British Chess Association. Linalola munthu kukana kukwezedwa, msilikali nakhala msilikali pa mzere wotsiriza, wosatha kuyendanso. Cifukwa cake ndi ici: m'masewerawa, munthu akasowa poyenda ponse pamene mfumu yake siinaopsezedwe, masewera atha popanda wopambana, motero wotsala pang'ono kugonja nthawi zina anatha kudzipulumutsa mwa kudzimanga yekha. Wilhelm Steinitz, amene anakhala katswiri wa dziko lonse m'caka ca 1886, analiyamikira lamuloli, koma ambiri analikana, ndipo linafa.

Mitundu ina inaweruza nkhaniyi mwa njira zao. Ku China msilikali sakwezedwa konse. Akaoloka mtsinje wolembedwa pakati pa thabwa angopatsidwa mphamvu ya kuyendanso cam'mbali. Ku Thailand akwezedwa msanga, pa mzere wacisanu ndi cimodzi, koma asanduka nduna yofooka ija. Kale asilikaliwo anali zigoba za m'nyanja, ndipo ankangozitembenuza. Ku Japan mizere itatu yotsiriza ndiyo malo okwezera, ndipo akwezedwa si msilikali yekha, koma zinthu zina zambiri, ciri conse mwa kucitembenuza kuti dzina lake latsopano lioneke.

Lamulo limene ligwira nchito lero ndi la FIDE, bungwe lokhazikitsidwa ku Paris m'caka ca 1924. Msilikali wofika kumapeto ayenera kusanduka nthawi yomweyo mfumukazi, linga, bishopu kapena kavalo wa mbali yake yomwe, ngakhale palibe cimene cinadyedwa. Sangakhale mfumu, sangatsalenso msilikali. Cotero munthu angathe kukhala ndi mafumukazi 9, woyamba uja pamodzi ndi asilikali 8 okwezedwa.

Ufulu wa kusankhawu uli ndi nzeru yake. M'caka ca 1895 nyuzipepala ya ku Glasgow inasindikiza cithunzi ca masewera, mfumu ndi msilikali mmodzi kulimbana ndi mfumu ndi linga, niti palibe wopambana. Ndipo zinaoneka zoona, pakuti msilikali akasanduka mfumukazi, mdani apereka linga lake kuti lidyedwe, mfumu yake nisowa poyenda. Koma wansembe wina wa ku Spain wokhala mumzindamo, Fernando Saavedra, anaona kuti msilikaliyo akasanduka linga, msampha uja sugwira, ndipo mdani agonja. Dzina lake likumbukika kufikira lero cifukwa ca kusankha cacing'ono m'malo mwa cacikulu.

Tsono, aphunzitsi anzanga, lembani lamulo la FIDE pa bolodi ana asanayambe mpikisano, kuti mlandu usadzabuke pakati pa masewera. Sungani m'bokosi mfumukazi yapadera, yoyera ndi yakuda, ngakhale yosema ku mtengo, cifukwa pa mipikisano ya FIDE linga lozondotsa liwerengedwa linga basi. Ndipo mwana akafikitsa msilikali wake kumapeto, muzoloweretseni kuyang'ana thabwa lonse asanatambasule dzanja, aone ngati mfumu ya mnzake idzatsala ndi poyenda.