Makina Amodzi, Anthu Ambiri

Tonse timacidziwa cigayo. Cigayo ndi cimodzi koma matumba a cimanga ndi ambiri. Wofika mocedwa amadikira mpaka dzuwa kupendeka.

Kale makompyuta anali cimodzimodzi. Kompyuta imodzi inali kudzaza cipinda, ndipo mtengo wake unali waukulu kwambiri. Wofuna kuwerengetsa kanthu anali kuboola timabowo pa makadi, nkuwapereka kwa woyang'anira makina. Yankho linali kubwera patapita maola ambiri, mwina mawa lake. Akalakwitsa cilembo cimodzi, anali kuyambanso kumapeto kwa mzere.

Pa sukulu yaikulu ya MIT, mu mzinda wa Cambridge ku America, panali mphunzitsi dzina lake Fernando Corbató. Iye ndi anzake anaona kuti makina amafulumira kuposa munthu. Pamene munthu mmodzi akuganiza, makina angathe kugwirira nchito munthu wina. Motero analemba malangizo oyendetsera kompyuta, nawapatsa dzina loti CTSS. Anawaonetsa koyamba mu Novembala 1961 pa makina a IBM 709.

Kodi zinali kuyenda bwanji? Aliyense anali ndi taipi yake, yolumikizidwa ndi waya ku kompyuta yaikulu ija. Kompyuta inali kupatsa aliyense kanthawi kocepa, nkupita kwa wina, nkubweranso. Taganizani mayi wodyetsa ana phala. Supuni kwa uyu, supuni kwa uyo, mofulumira, ndipo palibe mwana wolira njala. Pambuyo pake, pa makina a IBM 7094, anthu pafupifupi 30 anali kugwira nchito nthawi imodzi. Mu 1965 anayamba kutumizirana makalata pa makina omwewo.

Koma nkhokwe ikakhala ya anthu ambiri, aliyense amafuna kuti zake zisakhudzidwe. Motero aliyense anapatsidwa mau acinsinsi olowera. Sipanapite nthawi, wophunzira wina anafuna maola oposa amene anapatsidwa. Anadinda mndandanda wa mau acinsinsi a anzake, nayamba kulowa ndi maina awo. Apa anthu anaphunzira kuti cinsinsi cifunika kucisunga bwino.

CTSS inagwira nchito mpaka 1973, koma nzeru yake sinafe. Kucokera kwa iyo kunabadwa Multics. Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, amene anagwirako nchito ya Multics, anayamba Unix mu 1969. Mu 1991 Linus Torvalds wa ku Finland anapanga Linux motsanzira Unix. Mafoni a Android amayendera Linux ameneyu. Corbató anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 93.

Kuno ku Chifunde, tikamalandira ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, makina akutali amatumikira anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Nambala yathu yacinsinsi ndiyo imatisiyanitsa ndi ena. Wosadziwa manambala amapempha wina kuti amudinire, ndipo cinsinsi cimatha pomwepo. Tiyeni tiphunzire manambala kuti tizidina tokha.

Mafunso

1. Kodi anthu anali kudikira cifukwa ciani pa makompyuta akale?
2. Kodi CTSS inaonetsedwa koyamba caka citi?
3. Kodi m'mudzi mwathu muli zinthu ziti zimene timagwiritsa nchito mosinthana? Timagawana bwanji nthawi?
4. Lembani manambala awa: 1961, 30, 1973.